Tsiku lomwe ndinawoloka Mississippi wapansi

Loweruka lapitali tinalawirira m'mamawa, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri, ulendo wa ku Itasca State Park, kumpoto kwa Minnesota, ku America. Polowa tinalipira madola 7. Amawerengera galimoto osati mitu ya anthu, ndiye kaya mwathithikana bwanji m'katimo, zilibe kanthu.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1891, ndipo m'Minnesota monse ndiyo yakale kwambiri. Komatu anthu sabwerera zaka zakezo. Chimawakoka ndi malo ena kumpoto kwa nyanja ya Itasca pomwe madzi amasefukira pamiyala n'kusanduka kamtsinje kakang'ono, koti munthu n'kukaderera. Kamtsinje kameneko ndiye Mississippi. Pambali anaimika chipika cholembedwa kuti madziwa ayenda mamailosi 2,552 kuti akafike ku Gulf of Mexico, ndipo pofuna kujambulitsapo mpaka kuima pamzere.

Ndinavula nsapato, n'kupinda buluku. Chapafupi pali mlatho wa thabwa la mtengo umodzi, koma ndinati bambo wamkulu ngati ine ndidzere pamenepo ana akuona? Wamng'onoyo anali atawoloka kale, akudumpha mwala ndi mwala ngati kambuzi. Ine nditafika pakatikati, mwala wandere unanditaya. Khuvu! Madzi ake olekeza m'mawondo chabe, koma ndinatuluka nditanyowa mpaka m'khosi. "Bambo a ana, mwasambiratu m'Mississippi!" anatero mayi, misozi ili mbwe ndi kuseka. Mwayi wake foni inali m'chikwama chawo.

Masana tinakakhala pamatebulo omwe ali m'mbali mwa nyanja, pamthunzi wa mitengo ya paini. Zootcherapo nyama zilipo kale, zachitsulo, ife tinangobwera ndi makala. Nkhuni zotola kwanu salola, amafuna zovomerezeka, chifukwa kachirombo kotchedwa emerald ash borer kamabisala m'makungwa n'kukapha mitengo ya mtundu wa ash kumene kafikeko. Poyamba ndinkaliona ngati lamulo lovutitsa, koma nditakweza maso kuona mitengo ija, ina ya zaka zoposa 200, ndinangoti zii.

Udzudzu wokha ndiye usanene. Mankhwala opaka tinaiwala kunyumba.

Tinali titapangana zozungulira Wilderness Drive, msewu wa mamailosi 10 wodutsa m'nkhalango, koma ana anakaniratu kuchoka pagombe posambira. Ine ndinatsala patebulo nditadzikulunga thaulo, kudikirira buluku kuti liume.