Ulendo wathu wa ku Jabbeke, kunyumba ya Constant Permeke

Gulu lathu la ophunzira zojambula linanyamuka ku Brugge, mzinda wa ku Belgium, Loweruka m'mawa, ndipo basi inatitula ku Jabbeke kukuwaza kamvula. Tinkapita kunyumba imene Constant Permeke, wojambula wotchuka wa m'dzikomo, anamanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, naitcha De Vier Winden, kutanthauza mphepo zinayi. Lero m'nyumbamo amasungiramo ntchito zake.

Tisanalowe n'komwe, panja tinakumana ndi De Zaaier, chiboliboli cha munthu wofesa mbewu, chotiposa tonse msinkhu. Ziboliboli bamboyu anaziyamba mu 1937, atapitirira kale zaka 50.

Mkangano unabuka titangolowa. Anthu amene Permeke ankajambula ndi alimi, asodzi ndi akazi awo, koma matupi awo ndi ojintcha moti amadzaza chinsalu chonse, mitu ili yaing'ono, manja ndi mapazi zili zikuluzikulu. Utoto wake ndi wa dothi ndi mwaye, ndipo zina anazijambula ndi makala. Mayi wina wa m'gulu mwathu anapukusa mutu, nati, "Apa ndiye anawanyoza alimi." Ine sindinavomere. Ndinayandikira chithunzi chimodzi mpaka kuona pamene makala anapakika ndi chikhatho, ndipo amene anandibwerera m'maganizo ndi agogo anga aakazi, zala zawo zokhakhala zija, zimene khasu linazipinda moti sizinkawongokanso bwino. Munthu wonyoza sakhala nthawi yaitali chonchi pa dzanja la mnzake.

Permeke anthuwa ankawadziwa. Anabadwira ku Antwerpen mu 1886 koma anakulira ku Oostende, kumene bambo ake, nawonso wojambula, ankayang'anira nyumba ya zaluso ya mzindawo. Mu 1914 anavulala kwambiri pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, anakachirira ku England, ndipo atabwerako mu 1919 anakakhala pakati pa asodzi a ku Oostende, umphawi uli pakhomo lililonse. Kajambulidwe kolemera kaja kanakhwimira kumeneko. Iye, Gustave De Smet ndi Frits Van den Berghe ndiwo amatchulidwa patsogolo pa ojambula a ku Flanders, chigawo cha kumpoto kwa Belgium, amene ankapotoza thupi dala kuti chimene chili mumtima chionekere. Pa nkhondo yachiwiri chipani cha Nazi chinati ntchito zake n'zonyansa, ndipo mwana wake Paul anatengedwa kukagwira ntchito ya ukapolo ku Germany.

Pa chithunzi cha Het Afscheid m'pamene tonse tinakhala duu. Anachijambula mu 1948, chaka chimene mkazi wake Marietje anamwalira, ndipo dzinalo likutanthauza kutsanzikana. Mayi aja anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa aliyense, ngakhale maganizo awo pa za alimi sanasinthe.

Permeke anamwalira pa 4 Januwale 1952 ndipo anaikidwa ku Jabbeke komweko. Tinafuna kukaona manda ake, koma mvula inali itakula, basi yobwerera itayandikira. Mkangano wa manja aja tinapitiriza m'basimo mpaka ku Brugge.