Nthiti za m'chiuno zapindika pa chikombole cha Amati

Nthiti ziwiri za m'chiuno mwa vayolini yanga (nthiti ndi timatabwa topyapyala topanga mbali za vayolini), zimene zandisowetsa tulo kwa masabata angapo, tsopano zapindika popanda kung'aluka ndipo zamatirira bwino pa chikombole, thabwa limene limapatsa vayolini maonekedwe ake. Ndikutsatira kapangidwe ka Nicolò Amati, mmisiri wakale wa mavayolini wa mumzinda wa Cremona ku Italy, ndipo amene munayesapo mukudziwa kuti pamene chiuno chimakhotera ku ngodya ndi pothina kwambiri, moti thabwa la maple la mizere yopingasa limathyokera m'mizere yomweyo imene imalikongoletsa. Chimene chinathandiza ndi kulipala mpaka litsale pafupifupi milimita imodzi, kulinyowetsa pang'ono chabe m'malo moliviika, ndi kulichirikiza kumbuyo ndi lamba wachitsulo polikanikiza pa chitsulo chotentha, kufikira dzanja litamva kuti thabwa lafewa lokha.

Njira yomangira nthiti mozungulira chikombole chamkati ndi ya ku Cremona, ndipo mwini wake ndi Andrea Amati, amene anamwalira mu 1577. Iyeyu anapangira zoimbira nyumba yachifumu ya Charles IX wa ku France, ndipo vayolini yake ya 1564 ikusungidwabe ku Ashmolean Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Oxford ku England. Ana ake, Antonio ndi Girolamo, anapitiriza ntchitoyi, koma mliri wa 1630 unatenga Girolamo, ndipo luso lonse linatsala m'manja mwa Nicolò, mwana wa Girolamo, wobadwa mu 1596. Chimene ndimamulemekezera kwambiri ndi chakuti sanaumire nzeru za pabanja pake, koma analandira ophunzira ochokera kunja, mmodzi wa iwo Andrea Guarneri, agogo ake a mmisiri wotchuka Guarneri del Gesù. Ambiri amathamangira kutchula Stradivari, mmisiri wina wotchuka wa ku Cremona, koma ine ndimaona kuti Nicolò akanatseka khomo lake, mbiri ya Cremona ikanafupika.

Matabwa a spruce a pamwamba pa vayolini andifika kale kuchokera ku Val di Fiemme, chigwa cha ku Italy, kudzera kwa bambo wina wachikulire amene amandisankhira okhala ndi mizere yowongoka ndi yothinana, ndipo chiyambire sanandikhumudwitsepo. Chotsatira ndi kusema msana wa thabwali, umene pa Amati umakwera pakati ndi kutsikira m'kangalande chakumphepete. Ikatha vayolini imeneyi ndikufuna kupanga viola ndi cello, zoimbira zonga vayolini koma zokulirapo, kenaka ndikaone ndi maso anga zoimbira za ku Museo del Violino, nyumba yosungira mavayolini ya ku Cremona, ndisanasankhe vanishi.