Ndinapita kukakonza mafiriji ku St Helena, ndege yobwerera sinabwere

Abwana atandiuza kuti ndinyamule zida tikupita ku St Helena ine ndinkaganiza kuti ndi kwinakwake ku Western Cape, paja kuli malo otchedwa St Helena Bay kumeneko, ndiye ndinangofunsa kuti tiyenda pa bakkie kapena. Anaseka mpaka kutsokomola. Anatsegula mapu pa foni n'kuyamba kukokera chala kumadzulo, Namibia inatha, nyanja inayamba, nyanja, nyanja, kenako kadontho ngati chitosi cha ntchentche pa galasi. Akuti ndi pamenepo, chilumba cha St Helena. Kuchoka pa gombe la Africa ndi makilomita pafupifupi 1,900 ndipo pakati ponsepo palibe kanthu.

Ine ntchito yanga ndi ya mafiriji ndi zipinda zozizira zosungiramo nyama ndi nsomba, ndakhala ku Johannesburg zaka zingapo tsopano, ndiye musaganize kuti ndinapita kokasangalala ndi ndalama zanga, tikiti yake ine sindingaikwanitse olo nditasiya kutumiza kumudzi miyezi itatu. Tinanyamuka Loweruka mmawa pa OR Tambo, ndege yaing'ono ya Embraer, tinaima ku Walvis Bay kumwetsa mafuta kenako ulendo pamwamba pa madzi okhaokha. Zonse pamodzi ngati maola 6. Chimene chinandidabwitsa choyamba ndi choti asanakulole kulowa amafuna aone pepala la inshuwalansi ya chipatala, chifukwa ukadwala kwambiri kumeneko amachita kukunyamula pa ndege kubwera nawe ku South Africa konkuno.

Potera paja abale, ndinapemphera. Bwalo analimanga pamwamba pa phompho, uku nyanja uku matanthwe, ndipo mphepo yake imasintha mwadzidzidzi moti ndege imachita ngati minibasi yodutsa pa mabampu. Bwaloli linadya mapaundi 285 miliyoni a boma la Britain, linatha 2016 koma ndege zonyamula anthu sabata ndi sabata zinadzayamba mu Okutobala 2017 chifukwa cha mphepo yomweyi, manyuzipepala aku London ankangolinyoza kuti ndi bwalo lopanda ntchito. Kale njira inali imodzi basi, sitima yotchedwa RMS St Helena, masiku asanu kuchokera ku Cape Town, inapuma ntchito 2018. Mayi amene tinkagona kunyumba kwawo akamaikamba sitimayo nkhope imasintha, ndinangokumbukira mmene anthu aku Likoma amaikambira Ilala. Tsiku la sitima linali tsiku la tauni yonse.

Ukangotuluka pa bwalo umaona ngati wafika ku mwezi. Miyala yofiirira, fumbi, palibe olo mtengo, ndinati kodi anthu amadya chani kuno. Koma galimoto itakwera mphindi 15 zokha zinthu zinasintha, kobiriwira, ng'ombe zikudya msipu, nkhungu, kuzizira ngati uli pa Zomba mu Juni. Chilumba chonse ndi ma sikweya kilomita 122 basi, chinachita kuphulika kuchokera pansi pa nyanja kalekale, ndiye m'mphepete ndi mouma koma pakati pomwe pali phiri la Diana's Peak, mamita 818, mvula siisowa. Anthu alipo pafupifupi 4,400. Taganizani, Likoma ndi Chizumulu malo ake ndi ochepa kwambiri kuyerekeza ndi apa koma kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000. Kuno mapiri ambiri ali okhaokha, nyumba zina zotseka eni ake ali kunja.

Jamestown ndiye likulu, koma kunena zoona ndi msewu umodzi wautali wopanikizika pakati pa mapiri awiri ngati nyama mu sangweji. Kumunsi kuli doko, pafupi pake nyumba ya boma imene amaitcha The Castle, tchalitchi cha St James cha 1774, ndende yaing'ono moti ungaiyese sitolo. Ndiye pali masitepe otchuka aja, Jacob's Ladder, 699, ongoimirira kukwera phiri mpaka ku Ladder Hill. Mnzanga wa ku Limpopo amene tinali naye anati tipikisane. Pa sitepe ya 200 ndinali nditayamba kale kuona nyenyezi masana, pa 400 ndinakhala pansi n'kugwira chitsulo ndi manja awiri osafuna kuyang'ana kumbuyo, kamwana ka sukulu kanatidutsa kakudya tchipisi kakutipatsa moni. Miyendo inandiwawa masiku atatu, ntchito yokwera pa makwerero kukaona ma kompresa ndinkachita kukukuta mano.

Moni ndiye osanena. Aliyense woyendetsa galimoto amakweza dzanja akakumana ndi mnzake, aliyense, ndipo pa misewu yawo yopapatizayo wotsika ndi amene amapatukira wokwera. Makiyi amangowasiya m'galimoto. Ine wochokera ku Joni tsiku loyamba ndinkangogwira thumba la foni, mayi aja anandiona n'kunena kuti mwana wanga, woba athawira kuti kuno, ndege ndi ya Loweruka.

Madzulo tinkakhala pakhonde ndi bambo a m'nyumbamo, munthu wachikulire amene anagwirapo ntchito ku Ascension zaka zambiri kenako ku Falklands, zilumba zinanso za pansi pa Britain, ndipo nkhani zambiri za maboma a tizilumbati ndinazimva kwa iwowa uku tikudya makeke a nsomba ya tuna okhala ndi tsabola ndi mpunga wawo wosakaniza umene amautcha plo. Ndinawafunsa kuti kodi pulezidenti wanu ndani. Anati tilibe, tili ndi Mfumu ya ku Britain ndi bwanamkubwa amene amatumizidwa kuchokera ku London, amakhala ku Plantation House. Chitetezo ndi nkhani za kunja zili m'manja mwa Britain. Koma anthu amavotera makhansala 12 a nyumba ya malamulo, ndipo kuyambira 2021 ali ndi nduna zawo, nduna yaikulu yoyamba inali mayi, Julie Thomas. Zipani kulibe, aliyense amaima payekha, ndipo poti onse amadziwana kampeni yake ndi yokumana mu shopu. Ndinaseka ndikuganiza za kwathu, ma t-sheti, nsalu, magalimoto a zimkuzamawu. Kuno ukanama pa kampeni mawa ukumana ndi azakhali a munthu amene unamunamizayo pa mzere wa buledi.

Chimene chinandizunguza mutu ndi choti pa pepala St Helena, Ascension ndi Tristan da Cunha ndi dera limodzi, malamulo ake aakulu ndi a 2009, bwanamkubwa mmodzi. Koma Ascension ili makilomita ngati 1,300 kumpoto chakumadzulo, Tristan makilomita opitirira 2,000 kummwera, ndipo moyo wake ndi wosiyana ngati usiku ndi usana. Ku Ascension, anatero bambo aja, palibe amene ndi kwawo. Anthu ndi pafupifupi 800, onse ali pa kontrakiti kapena ndi banja la wa kontrakiti, kuli bwalo la ndege la asilikali a America ndi Britain, kuli milongoti ya BBC youlutsira mawu ku Africa, ndiye ngakhale ubadwire komweko ntchito ikatha uyenera kunyamuka. Iwo anakhalako zaka zonsezo, ana anakulira komweko akuonera akamba a m'nyanja akuikira mazira pa mchenga, koma tsiku lopuma ntchito litafika anapakira masutikesi. Ananena mosadandaula koma ine zinandikhudza, zinandikumbutsa madala akwathu amene anathera mphamvu ku migodi ya Wenela n'kubwerera ndi bokosi la malata ndi wailesi.

Tristan ndiye zosiyana kwenikweni. Anthu osakwana 300, mudzi umodzi wotchedwa Edinburgh of the Seven Seas, bwalo la ndege kulibe, sitima yochokera ku Cape Town imatenga pafupifupi sabata ndipo imapita kangapo kokha pa chaka. Malo ndi a mudzi wonse, mlendo sangagule kapena kukhazikika, aliyense ali ndi kamunda ka mbatatesi, ndalama zimachokera ku nkhanu za m'nyanja zimene amagulitsa kunja ndi masitampa. Phiri lawo litaphulika 1961 onse anawasamutsira ku England, anaona magetsi, ma TV, masitolo, koma 1963 ambiri anati ayi tibwerere kwathu. Ndiye onani, mbendera imodzi, chilumba china sungakhale mpaka kufa, china sungalowe n'komwe, ndipo St Helena ili pakati, ungakhale koma achinyamata ake akuthawa okha.

Nkhani ya ndalama ndi imene inatenga usiku wathunthu. Ku St Helena ali ndi paundi yawoyawo yofanana mphamvu ndi ya Britain, pa kakobili ka 5 pensi pali kamba wotchuka uja Jonathan, amene ndinakamuonadi pa kapinga wa ku Plantation House, anabwera kuchokera ku Seychelles 1882 ali wamkulu kale ndipo amati anabadwa cha m'ma 1832, maso anachita khungu koma kudya ndiye ayi ndithu. Makina a ATM sindinawaone, tinachita kukafola ku banki. Mu shopu zinthu zambiri ndi zomwezi za ku South Africa koma mtengo wake ungalire, ndipo sitima ya katundu ikachedwa anyezi, mbatatesi, mazira zimasowa, mayi aja anali ndi firiji yaikulu iwiri yodzaza ngati akudikira nkhondo. Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake anatiitanitsa ife kuchokera kutali konseku, chipinda chozizira chikafa kuno si nkhani yamasewera.

Boma lawo limayenda ndi thandizo lochokera ku Britain, mapaundi opitirira 30 miliyoni pa chaka, ndipo wolemba anthu ntchito wamkulu ndi boma lomwelo. Sizinayambe choncho. Apwitikizi anachipeza chilumbachi 1502, kampani ya Angelezi ya East India Company inakhazikikapo 1659, ndipo nthawi imeneyo sitima zochokera ku India zinkaima pano kutunga madzi ndi kugula ndiwo, bizinesi inali bho. Ngalande ya Suez itatsegulidwa 1869 sitima zinasintha njira, basi chilumba chinagona. Anadzayesa kulima chomera cha flax chopangira zingwe, chinawasunga zaka zambiri mpaka m'ma 1960 pomwe positi ofesi ya Britain inayamba kumangira makalata ndi zingwe za pulasitiki, mafakitale onse anatseka. Mpaka lero flax yo yangodzaza m'mapiri ngati udzu wosafunika. Ine ndikumva zimenezi ndinkangoganiza za fodya wathu, mbewu imodzi wogula mmodzi, tsiku limene wogulayo wasintha maganizo ndiye kwatha. Pano akudalira nsomba, khofi wochepa koma wodula kwambiri amene mbewu yake inachokera ku Yemen 1733, kachasu wawo wa zipatso za kakitasi wotchedwa Tungi, ndi alendo amene sanachuluke monga ankayembekezera pomanga bwalo lija.

Bambo aja anati ku Falklands ndi nkhani ina, anthu ndi ochepa kuposa kuno koma kuyambira m'ma 1980 amagulitsa ziphaso zophera nsomba kwa sitima zakunja, ndiye amadzilipirira zonse kupatula asilikali, malipiro ndi okwera, nchifukwa chake ma Saints ambiri, ndi mmene amadzitchulira, ali kumeneko. Ena ali ku England, tauni ya Swindon yadzaza iwowo moti amaitcha Swindolena. Unzika wonse wa Britain anawabwezera 2002, ndipo chitseko chitangotseguka anthu anatuluka. Mwana wawo wamkazi ali ku Swindon, wamwamuna ku Falklands, nyumba yabwino imene tinkagonayo inamangidwa ndi ndalama zotumiza. Ndinangoti bambo, nkhani imeneyi ndi ya ku Mzimba ndi ku Mangochi, mwangosintha dzina. Anandifunsa kuti nanga iwe unapita liti kwanu komaliza, ndinasintha nkhani.

Lachinayi titaweruka msanga tinapita ku Longwood House kumene Napoleon, mfumu yakale ya France, anasungidwa ngati mkaidi mpaka kumwalira pa 5 Meyi 1821. Pakhomo pakupepeza mbendera ya France, chifukwa nyumbayo ndi chigwa chimene anamuika poyamba anazigulitsa ku boma la France 1858, mtembo unali utapita kale ku Paris 1840. Kumeneko tinakumana ndi mayi wina mphunzitsi wochokera ku Réunion ndipo iye ankadabwa ndi zonse. Akuti kwawo, ngakhale ndi chilumba cha mu Indian Ocean kuseri kwa Madagascar, ndi France yeniyeni kuyambira 1946, ndalama ndi yuro, amavotera pulezidenti wa France, amatumiza aphungu ku Paris. Mayotte, pafupi ndi Mozambique pompa, inalowanso mu dongosolo lomwelo 2011 ngakhale Comoros imati chilumbacho ndi chake. Pamene ma Saints alibe mphungu ku London olo mmodzi. Mfalansa akakutenga amakulowetsa m'nyumba n'kukupatsa malamulo ake onse, Mngelezi amakusiya kukhonde uzidzilamulira koma chikwama wagwira ndi iye. Chabwino n'chiti kaya, mayiyo anadandaulanso za kukwera mitengo ndi ulova wa achinyamata kwawo, zomwezomwezo.

Za Napoleon aliyense amakuuza, koma mnzanga wa ku Limpopo ndi amene anakumbutsa woyendetsa kuti Dinuzulu, mfumu ya Amazulu, anamusunganso pano kuyambira 1890, ndi akaidi achibunu masauzande pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902. Ndipo malo amene anandikhalitsa chete ndi Rupert's Valley, chigwa chouma chimene kuli doko la katundu ndi matanki a mafuta, komwenso tinkagwira ntchito masiku ena. Kuyambira 1840 sitima za nkhondo za Britain zikagwira zombo za akapolo zinkawatsitsira pamenepa, anthu opitirira 25,000, ndipo masauzande anafera pomwepo ndi matenda. Pokumba msewu wa ku bwalo la ndege 2008 anafukula mafupa a anthu 325, ambiri ana ndi achinyamata, anakhala m'mabokosi zaka 14 mpaka anawaikanso m'manda 2022. Ndinaima pamenepo ndi ovolosi yanga ya mafuta, chipewa m'manja, mphepo ikuomba fumbi, ndinalibe choti ndinene.

Loweruka tinapakira, tinatsanzika, mayi aja anatipatsa khofi paketi imodzi imodzi, tinafika pa bwalo. Nkhungu. Phiri lonse osaoneka, ndege sinanyamuke n'komwe ku Johannesburg. Ife tinayamba kutukwana, abwana akuwerengera ndalama za masiku owonjezera, ine ndikuganiza za kasitomala wa ku Germiston amene ndinamulonjeza Lolemba, koma eni dziko anangonyamula zikwama zawo n'kubwerera ku magalimoto akucheza ngati palibe chachitika. Titafika kunyumba tinapeza mayi aja sanachotse n'komwe zofunda pa bedi, anati ndinaona mtambo mmawa. Tinadzanyamuka Lolemba, ndipo Lamulungu lonse ndinakhala ndikuwakonzera firiji yawo yachiwiri ija imene inkalira ngati chigayo, bambo aja atagwira tochi akundiuza za akamba a ku Ascension.