Chia: Phindu ndi Ngozi Zake Zagona pa Madzi

Mukathira supuni imodzi ya njere za chia m'kapu ya madzi n'kudikira mphindi 15, mupeza njere iliyonse itakutidwa ndi zonanda ngati za therere. Zonandazo zimatuluka pa khungu la njere ikangokhudza madzi, ndipo njereyo imatha kumwa madzi olemera kuwirikiza ka 10 mpaka ka 12 kuposa kulemera kwake. Powerenga za mbewu imeneyi, mfundo zambiri zimabwerera pomwepa. Zonandazi ndi zimene zimathandiza m'mimba, ndi zimene zimachititsa kuti chia alowe m'malo mwa dzira pophika, ndiponso ndi zimene zatsamwitsapo anthu.

Dzina lake la sayansi ndi Salvia hispanica, ndipo ndi wa banja limodzi ndi minti. Kwawo ndi pakati ndi kum'mwera kwa Mexico komanso ku Guatemala. Anthu a mtundu wa Aztec ankamulima pamodzi ndi chimanga, nyemba ndi bonongwe wa njere, moti madera amene anagonjetsedwa ankapereka chia ngati msonkho ku likulu la Tenochtitlan. Lero wambiri amene ali pamsika amachokera ku Paraguay, Bolivia, Argentina ndi Mexico. Amalimidwanso ku Australia, Uganda, Kenya ndi Tanzania.

Ziwerengero zimene zimafalitsidwa kwambiri ndi za magalamu 100: makalori 486, faiba (mbali ya chakudya yosagayika m'mimba, yothandiza chimbudzi) magalamu 34, mafuta magalamu 31, mapuloteni magalamu 17 ndi kashiamu mamiligalamu 631. Zoona ndithu, koma zimanyenga, chifukwa palibe amene amadya magalamu 100 a chia patsiku. Muyeso woyenera kuuloweza ndi wa magalamu 28, omwe ndi supuni zazikulu ziwiri ndi kachidutswa. Apo ndiye mumaona msinkhu weniweni wa chakudyachi. Mapuloteni ndi magalamu osakwana 5, kuchepera pa dzira limodzi lomwe lili ndi magalamu 6. Kashiamu ndi mamiligalamu pafupifupi 180, pamene munthu wamkulu amafunika pafupifupi 1,000 patsiku. Makalori ndi 138, osati ochepa kwa tinjere tooneka ngati sitingakhutitse ndi mpheta yomwe. Chimene chikuimadi chilili ndi faiba: magalamu pafupifupi 10 mu supuni ziwiri ndi kachidutswazo, pamene bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kudya magalamu osachepera 25 patsiku. Kwa munthu wa m'tauni amene chakudya chake ndi buledi woyera, mpunga ndi nsima ya ufa woyera, limenelo ndi gawo lalikulu.

Pa ayironi ndi zinki, ziwerengero zimaonetsa kuti zilimo zambiri, koma m'njeremo mulinso phytate amene amagwira mchere umenewu n'kuchepetsa umene thupi lingatenge. Wofuna kuonjezera magazi asadalire chia. Ngati amudya, aphatikize ndi chipatso chokhala ndi vitamini C monga malambe, gwafa kapena lalanje, ndipo asamwere tiyi nthawi yomweyo, pakuti tiyi nayenso amatsekereza ayironi.

Nkhani ya mafuta otchedwa omega-3 ndiyo imasokoneza ambiri. Otsatsa malonda amakonda kunena kuti chia ali ndi omega-3 wambiri kuposa nsomba. Kulemera kwake n'zoona, magalamu 28 ali ndi magalamu pafupifupi 5. Koma omega-3 ali m'mitundu, ndipo wa mu chia ndi wotchedwa ALA. Umene ubongo, maso ndi mtima zimagwiritsa ntchito kwambiri ndi EPA ndi DHA. Thupi limasandutsa ALA kukhala mitundu iwiriyi, koma mwaulesi: kawirikawiri osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 amasanduka EPA, ndipo amene amafika pa DHA ndi ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Nsomba zimapereka EPA ndi DHA wopangidwa kale. Choncho mayi woyembekezera amene wasiya usipa, matemba kapena kapenta chifukwa wagula paketi ya chia walakwitsa masamu, ndipo watayanso kashiamu wa m'minga za tinsombato, popeza timadyedwa tathunthu. Amene chia amamuthandizadi pa omega-3 ndi munthu wosadya nsomba konse.

Palinso kusiyana pakati pa njere zathunthu ndi zopera. Pa kafukufuku wa 2012 ku America, amayi amene anasiya kusamba anapatsidwa magalamu 25 patsiku kwa masabata 10, ena zathunthu, ena zopera. ALA ndi EPA anakwera m'magazi mwa amene ankadya zopera, pomwe kwa a zathunthu kusintha sikunaoneke kwenikweni. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: njere zing'onozing'ono zoterera zimazemba mano, ndipo zina zimadutsa m'matumbo mafuta ake ali chitsekere m'kati. Wofuna faiba, zathunthu zikwanira. Wofuna mafutawo apere.

Nanga kuchepetsa thupi, kumene ndiye kumagulitsa chia kwambiri? Mu 2009 gulu la David Nieman ku Appalachian State University ku America linapatsa anthu onenepa magalamu 50 patsiku kwa masabata 12. Kulemera kwawo sikunasinthe, ngakhalenso mafuta a m'thupi. Mu 2017 gulu la Vladimir Vuksan ku Toronto m'dziko la Canada linayesa anthu 77 onenepa omwe anali ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, kwa miyezi 6. Odya chia anatsika makilogalamu 1.9, anzawo osadya chia 0.3. Koma onsewo anawachepetsera chakudya cha tsiku ndi tsiku. Kuika pamodzi ziwirizi, chimene chikutuluka n'chakuti chia sasungunula mafuta. Amangothandiza kuti munthu amve kukhuta nthawi yaitali, ndipo kukhutako kumapindula pokhapokha wachepetsadi zina m'mbale. Kuwaza chia pamwamba pa chakudya cha masiku onse ndi kungoonjezera makalori 138.

Gulu la ku Toronto lomwelo, mu 2007, linapeza kuti odwala shuga 20 amene ankadya magalamu pafupifupi 37 patsiku kwa masabata 12 nambala yapamwamba ya BP yawo inatsika ndi pafupifupi 6. N'zolimbikitsa, koma anthu 20 ndi ochepa, ndipo kafukufuku wina sanapeze zofanana. Chimene chimamveka bwino ndi cha shuga akangotha kudya: zonanda zimachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu, choncho shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono m'malo mokwera kamodzin'kamodzi. Limenelo ndi thandizo, osati mankhwala, ndipo palibe chifukwa chosiyira mankhwala a shuga monga metformin kapena mapiritsi a BP.

Kukhitchini, chinsinsi ndi muyeso wa madzi ndi kutakasa kawiri. Pa chakumwa, thirani supuni yaikulu imodzi m'madzi mamililita 250 mpaka 300, takasani bwino, dikirani mphindi zisanu, takasaninso, kenaka musiye mpaka zikwane mphindi 15 kapena 20. Kutakasa kwachiwiriko ambiri amakudumpha, ndipo amapeza zibuluma pansi pa kapu. Chimachitika n'chakuti njere zikaunjikana, zakunja zimayamba kunanda n'kumata zam'kati, madzi osafikako, ndiye m'kati mwa chibulumacho mumakhala mouma ngakhale patapita ola lathunthu. Ku Mexico chakumwachi amachifinyira ndimu n'kuthira shuga pang'ono, ndipo chimakoma kuposa cha madzi okha, pakuti chia payekha alibe kukoma kulikonse.

Pofuna cholimba chodya ndi supuni, muyeso ndi supuni zazikulu zitatu kapena zinayi pa kapu ya mkaka ya mamililita 250, n'kuika mu firiji maola osachepera awiri. Chambiko ndi yogati nazonso zimatheka, koma popeza n'zolimba kale, chepetsani chia kapena onjezani mkaka pang'ono. Malangizo ambiri a pa intaneti amati muviike usiku wonse, koma olembawo amaganiza kuti aliyense ali ndi firiji ndi magetsi osazima. Mkaka wosiyidwa pa tebulo usiku wa mwezi wa October si wodyanso m'mawa. Popanda firiji, viikani m'madzi mphindi 30, sakanizani ndi mkaka pa nthawi yodya, ndipo musasunge chotsala.

M'phala la mgaiwa kapena la soya, thirani chia mutaphula kale, supuni imodzi pa mbale, n'kusiya mphindi 10. Liphikeni lamadzimadzi kuposa masiku onse chifukwa njerezo zimwa madzi a m'phalamo, ndipo lomwe munaliphika lolimba bwino lisanduka nsima.

M'malo mwa dzira limodzi, sakanizani supuni yaikulu imodzi ya chia wopera ndi supuni zitatu za madzi, mudikire mphindi 10. Dzira pophika limagwira ntchito ziwiri, kumata ndi kufufumitsa. Chia amangomata. N'chifukwa chake amayenda bwino mu chigumu, mabisiketi ndi mapankeke, momwe mumafunika dzira limodzi kapena awiri ndipo soda ndiye amafufumitsa, koma keke yofewa yodalira mazira anayi opuntha imatuluka yolemera ndi yonyowa pakati. M'zitumbuwa safunika n'komwe, nthochi imamata kale. Jamu naye ndi wosavuta: makapu awiri a mango kapena papaya wophika pang'ono n'kunyenya, supuni ziwiri za chia, madzi a ndimu. Koma jamu ameneyu alibe shuga wambiri amene amasunga jamu wa m'sitolo, ndiye akhale mu firiji ndipo athe pa sabata imodzi.

Tsopano zimene zimalakwika. Choopsa kwambiri ndi kumeza chia wouma kenaka n'kumwera madzi. Mu 2014 madokotala a ku America anafotokoza za bambo wa zaka 39 amene anameza supuni ya njere zouma n'kumwa kapu ya madzi. Njerezo zinafufuma pam'mero n'kutseka njira ya chakudya, mpaka anakazichotsa kuchipatala ndi chipangizo cholowetsa kukhosi. Bamboyo anali kale ndi vuto la kumeza, ndipo anthu otere ndi amene ayenera kusamala koposa: okalamba, amene anadwalapo sitiroko, ndi ana aang'ono. Kwa iwowa chia azikhala woviikidwa mpaka atafufumiratu, ndipo mwana asapatsidwe wouma.

Chofala kwambiri ndi kutupa m'mimba ndi mpweya. Munthu amene matumbo ake anazolowera faiba wochepa akayamba ndi supuni ziwiri zazikulu tsiku loyamba, tizilombo ta m'matumbo timalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, ndiye mpweya umachuluka. Yambani ndi supuni ya tiyi imodzi patsiku kwa sabata, kenaka muonjezere pang'onopang'ono kufika pa supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti chia yemwe anthu amamwera kudzimbidwa amathanso kukulitsa vutolo: akapanda kupeza madzi okwanira m'kapu, amawafuna m'matumbo, chimbudzi n'kuuma. Supuni iliyonse ya chia woviikidwa iperekezedwe ndi kapu yathunthu ya madzi.

Amene akumwa mankhwala a shuga kapena a BP ayese kawirikawiri m'masabata oyamba, popeza chia akhoza kuonjezera mphamvu ya mankhwalawo pang'ono. Amene ali pa warfarin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana afunse adokotala asanayambe kudya tsiku lililonse. Faiba wochuluka amathanso kuchedwetsa mankhwala ena kulowa m'thupi, ndiye n'kwanzeru kusiyanitsa nthawi ya mapiritsi ndi ya chia ndi maola awiri. Odwala impso ali ndi zifukwa ziwiri zosamalira: chia ali ndi fosiforasi wambiri, mamiligalamu 860 pa magalamu 100, komanso oxalate amene amathandizira kupanga timiyala ta mu impso. Ndipo amene thupi lake limadana ndi chitowe ayambe ndi kochepa kwambiri, chifukwa ena otere limadananso ndi chia.

Funso la mtengo silingapewedwe. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi faiba woposa magalamu 10, wofanana ndi wa supuni ziwiri ndi kachidutswa za chia, ndiponso mapuloteni ochuluka kuwirikiza katatu. Khobwe, nandolo, mgaiwa ndi masamba zimachita ntchito yomweyo. Banja lodya zimenezi masiku ambiri silikusowa chimene chia angabweretse. Phindu lake lenileni ndi loti safuna moto, sachedwa, ndipo amalowa m'chakudya chilichonse osasintha kukoma kwake.

Pogula, yang'anitsitsani njerezo. Chia weniweni ndi wozungulira motalikirapo, wosalala, wa mawangamawanga otuwa ndi akuda, kapena woyera. Wakuda ndi woyera sasiyana kwenikweni pa zakudya zili m'kati, choncho musalipire zambiri chifukwa cha mtundu. Njere zambiri zofiirira ndi chizindikiro choti anakolola zisanakhwime, ndipo zimawawa. Palinso njere za basil zomwe zimafanana naye: izo ndi zakuda bii zopanda mawanga, ndipo zimafufuma m'mphindi zochepa n'kuvala zonanda zoyera. Wogulitsidwa wopimidwa pa sikelo amatha kukhala ndi timiyala ndi mungu, ndiye mupete kaye. Njere zathunthu zimakhala chaka kapena kuposerapo m'botolo lotseka bwino, pamalo ouma, ozizira ndi amdima. Zopera sizichedwa kuwonongeka chifukwa mafuta ake akumana ndi mpweya, choncho perani za sabata imodzi yokha, mu blenda kapena mu kamtondo kouma bwino, ndipo zikayamba kuwawa kapena kununkha ngati penti, zitayeni.