Zikomo nonse amene munandibwezera patebulo

Loweruka lapitali ndinaimanso patebulo la mpikisano wogwetsana mkono, uja ambiri amautchula kuti arm wrestling, patatha miyezi 14 chithyokereni mkono wanga wamanja. Ndinapambana kawiri, ndinagonja kawiri, ndipo pampikisano wotere ukagonja kawiri ndiye kuti watuluka. Ndinatuluka mkono uli wathunthu, zala zonse zisanu zikundimvera. Nditafika kunyumba ndinayamba kuwerenga anthu amene anandinyamula pa miyezi yonseyi, ndipo ndaona kuti kuwaimbira foni mmodzimmodzi sikukwanira. Ngozi yanga inachitika anthu akuona, choncho kuthokoza kwanganso kumveke pagulu.

Ndiyambe ndi inu achimwene amene tinagwirana dzanja tsiku la ngozi lija. Dzina sinditchula, mukudzidziwa nokha. Mwakhala mukudziimba mlandu chaka chonse, mpaka munasiya kubwera kokonzekera kwa miyezi itatu chifukwa mukagwira dzanja la munthu munkamvanso phokoso lija. Ndakuuzanipo tili awiri, lero ndikubwereza onse akumva: si inu amene munandithyola mkono. Inu munangogwira pamene munagwirapo, osakoka mwadzidzidzi, osachita chinyengo chilichonse. Mphamvu imene inathyola fupa inachokera m'thupi langa lomwe.

Ndinali nditanyamula zitsulo kwa zaka 6 ndipo ndinkadzidalira kwambiri. Ku gulu la ogwetsana mkono ndinali nditangopitako kawiri. A Kochi anali atandiuza kuti miyezi yoyambirira ndizikoka ndi theka la mphamvu basi, koma sindinawamvere. Tsikulo iwo atatuluka panja, ndinakuumirizani kuti tigwetsane kamodzi komaliza ndi mphamvu zonse. Munakana kawiri, kachitatu munavomera. Poyamba tinangokanirirana pakati. Kenako ndinamva dzanja langa likubwerera pang'onopang'ono, ndipo m'malo molitsatira ndi thupi, ndinatembenuza chifuwa ndi nkhope kuloza kumanzere n'kukankha ndi phewa. Phewa linatsogola, dzanja linatsalira kumbuyo, chigongono chili nji pa kapilo kake ka patebulo. Panangomveka kuti thyoo, ngati nthambi youma. Ululu sunabwere nthawi yomweyo. Chimene ndinaona n'chakuti mkono wasiya kundimvera, ndipo inu munali mutaugwira kale ndi manja awiri kuti usagwedezeke. Munavula malaya anu n'kuumangirira pachifuwa panga, munandiperekeza kuchipatala muli ndi vesiti yokha, ndipo simunachoke mpaka kunja kunacha. Zimenezo sindidzaiwala.

Adokotala a mafupa amene munandichita opaleshoni, ndi anamwino onse a muwodi ija, Mulungu akudalitseni. Munandiika chitsulo chachitali ndi timisomali 8 togwira fupa, ndipo linalumikizana bwino. Koma ndikuthokozaninso chifukwa cha mphindi khumi zimene munakhala m'mphepete mwa bedi langa mukujambula papepala mmene zinachitikira, poti ine ndinkangofunsa kuti fupa la munthu wathanzi lingathyoke bwanji popanda kugwa kapena kumenyedwa. Munandionetsa kuti fupa la pakati pa phewa ndi chigongono, limene mumalitcha humerus, limapirira kwambiri likamatsindikizidwa cham'litali, koma kupotokoledwa silikupirira. Minofu ikuluikulu ya pachifuwa ndi ya kumsana imagwira fupali chakumtunda ndipo imalipotokola kulowa mkati. Mnzako, pokankha dzanja lako, amalipotokola chakumunsi kupita kunja. Chigongono chakhazikika, sichingathawe. Munatenga thawulo n'kulipotokola ngati mukufinya madzi, n'kunena kuti ndi mmene fupa langa linachitira. N'chifukwa chake pa X-ray mng'alu wake sunali wodula chopingasa, unali wozungulira mokwera, chakumunsi kufupi ndi chigongono. Munanenanso mawu amene anandikhala mumtima, akuti kuthyoka kotereku kumakonda anthu a minofu yamphamvu amene sanaphunzire kaimidwe.

Chimene chinandiopsa kuposa fupa chinali dzanja. Ndikatambasula mkono, dzanja linkangogwa pamfundo yake ngati la munthu wogona. Kukunga zala ndinkatha, koma kudzutsa dzanja kapena kutambasula zala kunkakanika, ndipo pamwamba pa dzanja, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, panali dzanzi. Pali mtsempha wotchedwa radial nerve umene umadutsa mozungulira kumbuyo kwa fupa lomweli, utatsamira pafupa penipeni, ndipo fupa likathyoka umavulala mosavuta. Wanga sunaduke, unangokokeka n'kutunduzika. Munandiuza kuti mtsempha ukamachira umaphuka pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndipo palibe mankhwala oufulumizitsa. Ndinayeza ndi lula mtunda wochokera pabala kukafika pamkono wam'munsi, ndinawerenga masiku, ndipo usiku umenewo ndinalira.

Amayi amene munkandichititsa mafizo, kwa inu ndilibe nawo mawu. Munandipangira chogwirizira dzanja kuti lisakhale chogwa, ndipo munandiphunzitsa kuwongola chala chilichonse ndi dzanja lamanzere katatu patsiku, kuti pamene mtsempha uzidzadzuka usadzapeze mfundo zitauma. Milungu khumi inadutsa popanda chosintha. Tsiku lina ndinakuuzani kuti ndatopa, ndisiya kubwera. Simunandikalipire. Munangoti, "Bambo, kuona maso a nkhono n'kudekha, bwerani Lachinayi." Mlungu wa 11 munaika zala ziwiri pamkono wanga, pansi pang'ono pa chigongono, n'kundiuza kuti ndiyese kudzutsa dzanja. Ine sindinaone kanthu. Inu munamva mnofu ukugunda pansi pa zala zanu, munagwira dzanja langa lamanzere n'kuliika pomwepo kuti ndidzimvere ndekha. Kanali kakugunda kakang'ono kwambiri. Munandifotokozera kuti minofu ya kufupi ndi chigongono ndi imene imayamba kudzuka, kenako mfundo ya dzanja, zala zimabwera pamapeto, ndipo zinayendadi momwemo. Mwezi wachisanu ndinasainira dzina langa ndi dzanja lamanja.

Inu mayi a ana anga, munandimangira mabatani a malaya m'mawa uliwonse kwa miyezi inayi. Munandimangira zingwe za nsapato ana akuona, osaonetsa nkhope yotopa ngakhale tsiku limodzi. Nditakuuzani kuti ndikufuna kubwerera patebulo munakhala masiku awiri osandiyankha, ndipo ndikudziwa kuti munali ndi chifukwa chomveka. Tsiku lachitatu munati mupita nane kwa adokotala kuti mukamve nokha, kenako mukaonane ndi a Kochi. Munawafunsa mafunso amene ineyo ndinayenera kufunsa pachiyambi pomwe. Loweruka ndinakuonani mutaima kumbuyo kwa anthu, dzanja lili pakamwa. Zikomo pobwera ngakhale mtima unali m'mwamba.

A Kochi, ndinakunyozerani malangizo, koma munabwera kudzandiona kuchipatala ndipo simunanene n'kamodzi komwe kuti munandichenjeza. Adokotala atandilola kuyambiranso, munandiyambitsa ngati mwana wongofika kumene. Kwa miyezi iwiri sindinagwire dzanja la munthu. Munamangirira lamba wamphira pachitsulo, ine n'kumakoka nditaima patebulo, inu mukuyang'ana chinthu chimodzi chokha: kodi mphuno yanga, phewa ndi dzanja zikuyendera limodzi? Ndikangochotsa maso padzanja munkawomba m'manja, ndiyambirenso. Munandiphunzitsa kuti mkono ndi chifuwa zikhale ngati chinthu chimodzi chomangidwa, chigongono chikhale pafupi ndi nthiti, ndipo chimene chimapita pansi pogwetsa mnzako ndi thupi lonse, mkono umangotsatira. Munandiphunzitsanso kugonja, chinthu chimene sindinkadziwa kuti chimaphunziridwa: mnzako akakuposa, upite nalo dzanja lako mpaka pansi uli chiliyang'anire, osalisiya kumbuyo.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti masewerawa ndi a dzanja ndi zala kuposa mmene amaonekera. Kale ndinkadziwa kukankhira kumbali basi, komwe ndi kumene kumapotokola fupa. Inu munandionetsa njira zitatu zimene akatswiri amagwiritsa ntchito. Pa hook umapinda dzanja kuloza kwa iwe, mfundo za manja n'kukolana, ndipo nkhondo imakhala ya mkono ndi msana. Pa toproll umakokera mnzako kwa iwe, kukweza dzanja lako pamwamba pa zala zake ndi kulitembenuza chikhatho kuloza kwa iye mpaka dzanja lake litatseguka, ndipo munthu amene dzanja lake latseguka mphamvu za phewa sizimuthandizanso. Pa press umaika phewa kumbuyo kwa dzanja n'kutsindikiza pansi. Munandisankhira toproll chifukwa imadalira kukokera kumbuyo, ndipo press munandiletsa chaka chino chonse chifukwa imalemetsa chigongono. Sindinatsutse.

Zolimbitsa thupi zinasinthanso. Zitsulo zolemera zija ndinazichepetsa, n'kuyamba tinthu timene kale ndikanationa ngati topanda pake: kupinda dzanja ndi kachitsulo kopepuka maulendo ambirimbiri, kukoloweka lamba pachala chachikulu n'kumatembenuza dzanja, kudzutsa dzanja cham'mbali ngati ukukweza nyundo, kugwira cholemera chigongono chili chopinda osasuntha kwa masekondi 20, kuvundula mchenga mundowa ndi zala. Munkabwereza kuti minofu imakula msanga koma mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa imatenga miyezi yambiri kuti ikhwime, chifukwa magazi amafikako ochepa. N'chifukwa chake ongoyamba kumene amamva kuwawa mkati mwa chigongono, ndipo amene amakakamira kugwetsana tsiku lililonse amatupa mitsempha kapena kudula kumene mtsempha wa mnofu wa kutsogolo kwa mkono. Ine patebulo ndimaima kamodzi pamlungu, nditatenthetsa mkono kwa mphindi 15, ndipo ndikamva kulasa mkati mwa chigongono ndimasiya pomwepo.

Anzanga a pagulu, zikomo chifukwa cha mavidiyo amene munkanditumizira dzanja lili chogwa. Ambiri anali a John Brzenk wa ku America, amene anthu ochuluka amati palibe anamuposa m'mbiri ya masewerawa. Ankagwetsa anthu omuposa kulemera kutalitali, ndipo anapitiriza kupikisana ndi akatswiri atapitirira zaka 50. Ndinkamuonera mobwerezabwereza, ndikuyang'ana mmene mutu wake umatsatira dzanja. Achibale ena ankandifunsa kuti ndikuvutikiranji ndi masewera a anyamata osowa chochita. Ndinkawayankha ndi zimene munandiphunzitsa inuyo, kuti ku Petaluma, m'chigawo cha California, anthu anayamba kupikisana mwadongosolo m'ma 1950, kuti bungwe la World Armwrestling Federation linakhazikitsidwa mu 1977, ndipo mu 2024 masewerawa analowa nawo mu African Games, mpikisano wa masewera wa mayiko a mu Africa, ku Accra m'dziko la Ghana. Malamulo alipo, ndipo ambiri mwa iwo anaikidwa pofuna kuteteza mkono: chigongono chisachoke pa kapilo, dzanja linalo ligwire kachitsulo ka m'mbali, mapewa ayambe ali olunjika tebulo, manja akapulumukana amamangidwa ndi lamba.

Oyimbira a Loweruka, ndinaona zimene munachita. Mnyamata wina atayamba kugonja anatembenuza nkhope ndendende mmene ndinachitira ine, ndipo munaimitsa mpikisano nthawi yomweyo. Anthu ena anang'ung'udza, mnyamatayo anakwiya. Ine thupi lonse linachita tsembwe. Pambuyo pake ndinamutsatira, ndinapinda malaya n'kumuonetsa chipsera changa, chotalika kuposa chikhatho chake, ndipo anakhala chete kumvetsera. Ngati makolo ake akuwerenga, dziwani kuti oyimbira aja anamupulumutsa mwana wanu.

Pa nkhani ya ana ndiima pang'ono, chifukwa ndili ndi wanga wa zaka 14. Adokotala anandiuza kuti kwa achinyamata amene mafupa sanamalize kukula, chimene chimakonda kuvulala ndi kafupa kotukuka ka mkati mwa chigongono. Minofu yopinda dzanja imagwira pamenepo, ndipo ikakoka mwamphamvu imatha kukazula. Ana amagwetsana pamadesiki ndi pamatebulo wamba, wina wamtali wina wamfupi, popanda woyang'anira, anzawo akukuwa kuti asagonje. Wanga sindinamuletse masewerawa, koma ndinamutengera kwa a Kochi, ndipo pano akukoka lamba wamphira pambali panga.

Mpikisano wanga womaliza Loweruka ndinakumana ndi munthu wa hook yamphamvu kwambiri. Woyimbira atangoti "Ready, go", anandilowetsa mkati ndisanakweze dzanja, ndipo ndinamva mkono ukubwerera ngati tsiku lija. Mtima unagunda. Kumbuyo kwanga ndinamva mawu anu achimwene, inu nomwe amene munandimanga ndi malaya anu, mukukuwa kuti, "Yang'anani dzanja! Yang'anani dzanja!" Ndinaliyang'ana, ndinapita nalo limodzi mpaka linakhudza pansi. Nditatsika munandigwira mkono wamanja ndi manja awiri, kuusisita kuyambira paphewa mpaka pachigongono, ndipo tonse awiri misozi inali italengeza. Lachiwiri likubwerali tikumane patebulo nthawi yathu yomwe ija, ndipo a Kochi avomera kuti ine ndi inu tigwiranenso dzanja, ndi theka la mphamvu.