Madzi a ankhoswe

Mwana wa mchemwali wanga atazolowera kufika pakhomo ali dzandidzandi, mkazi wake ananyamula ana n'kubwerera kwawo ku Mpondasi. Nkhoswe wake ndine, ndiye ntchito yokapepesa inagwera ine.

Ineyo sindine chidakwa, koma jini ndimamulemekeza. Anzanga amati ndi kachasu wovala taye, ndipo sindiwatsutsa kwenikweni, poti zonsezi n'zotcheza. Kusiyana kwake n'koti jini amamutchezanso kachiwiri pamodzi ndi tizipatso ta mtengo wa juniper, n'kuwonjezerapo njere za coriander ndi makoko a mandimu kapena malalanje. Fungo lija lokhala ngati mwathyola nthambi ya paini limachokera ku tizipatsoto. Mphamvu yake imakhala cha m'ma 40 peresenti, koma pomuona ali mbee ngati madzi a pampopi. N'chifukwa chake Malawi Gin wanga ndinkamutsanulira m'botolo la madzi, kuti mayi akunyumba asamandiwerengere.

Tsikulo ndinaponya botololo m'chikwama, maganizo ali oti nkhani ikatha ndikatsikire kumtsinje wa Shire, ndikakhale poduka mphepo pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi n'kudziyamikira ndekha. Unali mwezi wa Okutobala. Amene anakhalako ku Mangochi nyengo imeneyi akudziwa kuti ngakhale mbuzi zimayenda mwaulesi.

Tinakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Nkhoswe wakuchikazi anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, wovala jekete ngakhale kunkatentha chotero. Ine ndinayankhula mpaka ndinadzimva kukoma.

"Bambo, mwanayu anangotengera anzake oipa. Kumtundu kwathu mowa sitiudziwa. Ineyo amalume ake, ngakhale thobwa logona ndimalikana."

Azimayi anavomereza ndi mitu. Mkulu uja anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma chifuwa chinamugwira. Anatsokomola mpaka jekete kugwedezeka. Mwana amene anamutuma madzi anachedwa, ndipo mkamwini wawo, pofuna kuonetsa kuti wasinthadi, anapisa dzanja m'chikwama changa.

"Amalume ali ndi madzi apa!"

Anagwada mwaulemu wonse, n'kupereka ndi manja awiri. Ine pakamwa panangoti kakasi. Ndikanati chiyani, nditangomaliza kulumbira kumene?

Mkuluyo anapendeketsa botolo. Kholingo linakwera n'kutsika, linakweranso n'kutsika. Kenako anaima. Maso anafiira, misozi inalengeza, mphuno inayamba kuchucha. Chifuwa chija chinatheratu pomwepo. Ananunkhiza kukamwa kwa botolo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ankhoswe, madzi amenewa ndi a mjigo wa kuti?"

"Ndi... ndi mankhwala a malungo, bambo."

Sikuti linali bodza lokhalokha. Asilikali a ku Britain ali ku India ankathira jini m'madzi a kwinini kuti kuwawa kuchepe, ndipo jini wosakaniza ndi toniki anayambira kumeneko. Kungoti kwinini amakhala mu toniki, ndipo toniki ndinali ndisanagule.

Botolo linayamba kuyenda m'manja mwa azimayi, aliyense kununkhiza n'kugwira pakamwa. Apongozi a mnyamatayo anaomba m'manja kamodzi.

"Ndiye amene amakana thobwa logonatu awa!"

Chindapusa chimene tinkayembekezera chinali nkhuku. Chinakwera n'kufika pa mbuzi, ndipo anagamula kuti mbuziyo igulidwe ndi amalume, poti mwana amaonera akulu. Botolo anati litsala komweko ngati umboni.

Potiperekeza, mkulu wa mpingo uja anatsalira m'mbuyo pang'ono n'kundikoka dzanja, umboni uli m'thumba la jekete.

"Ankhoswe," anatero monong'ona, "tsiku lobweretsa mbuzi musadzaiwale toniki. Ndimu tili naye kuseri kwa nyumbaku."