Loweruka ndi fern wanga

Kutentha kwa Okutobala kuno ku Lilongwe sikulola munthu kugona mpaka dzuwa kutuluka. 5 koloko inakwana ndili maso kale, ndipo ndisanateleke madzi a tiyi ndinayamba ndakaona fern wanga, chomera cha masamba onga nthenga chimene ndimasunga mumphika, pakona ya pabalaza. Sabata ino yonse wakhala akundidetsa nkhawa. Nsonga za masamba zikuuma, timasamba tating'onoting'ono tikuyoyoka mbwee pa simenti, moti tsiku lililonse ndikusesa kawiri.

Nditatembenuza tsamba limodzi, mtima unagunda. Kunsi kwake kunali timadontho tofiirira, tondandalikana mizere iwiri cha m'mphepete mwa katsamba kalikonse. Ndinati basi, tizilombo talowa. Ndinali nditatulutsa kale sizasi kuti ndidule masamba onse amadonthowo pamene mwana wa achemwali anga, amene ali Fomu 3 ndipo akukhala nane, anatuluka kuchipinda.

"Amayi aang'ono, musadule! Si matenda amenewo."

Anandifotokozera zimene anaphunzira m'kalasi, kuti fern sachita maluwa ndipo sabala njere. Amaberekana ndi kaufa kosalala kotchedwa ma spore, kamene kamasungidwa m'timadontho timeneti. Anati tizilombo toyamwa madzi a chomera timamwazikana paliponse, ngakhale pa phesi, timasiya tsamba likumata, ndipo ukatikanda ndi chikhadabo timachoka. Koma awa anali pamzere ngati mabatani a malaya. Anagogoda tsamba pamwamba pa pepala loyera, kaufa kofiirira n'kugwa pang'ono. Ndinakayang'ana nthawi yaitali ndithu. Zaka zitatu ndikuthirira chomera ichi, sindinachitembenuzepo n'kamodzi komwe.

Komabe kuuma kwa nsonga kunali kusanapeze yankho. Titamwa tiyi tinatengera mphika pakhonde n'kuuzondotsa. Dothi munalibe, munangodzaza mizu yolukanalukana ngati chisa cha mpheta. N'chifukwa chake madzi ankangodutsa n'kutulukira pansi, chomera osamwa kanthu. Pakati pa mizuyo panali timibulu tozungulira, tokula ngati nzama, tokhala ndi ubweya wofiirira. Ndinatswanya kamodzi, mkati muli madzi okhaokha.

Timibulu timeneti tandiphunzitsa chinthu. Amene anandigulitsa m'mbali mwa msewu anati ndi Boston fern, uja anadziwika ku America mu 1894 atapezeka pakati pa mbande zimene zinatumizidwa ku Boston kuchokera ku Philadelphia. Koma Boston fern, amene amachokera ku mtundu wa Nephrolepis exaltata, sakhala ndi timibulu. Wokhala nato ndi mbale wake, Nephrolepis cordifolia, wa masamba owongoka ndi opyapyala. Amasungamo madzi a nthawi ya chilimwe, ndipo ndikuona kuti n'zimene zamupulumutsa miyezi yonseyi. Timibuluto timamera tikagwera m'dothi, choncho timene ndinachotsa sindinatayire kuseri kwa mpanda. Mtundu umenewu ukalowa m'tchire umafalikira n'kupanikiza zomera zina.

Tinagawa chitsa patatu ndi mpeni wa kukhitchini. Dothi ndinasakaniza ndekha: magawo awiri a manyowa a masamba owolerana a pansi pa mtengo wa mango, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje, ndi timakala tophwanyaphwanya. Feteleza sindinathire, ndidikira mwezi wathunthu kuti mizu yodulidwayo ipole.

Masana magetsi anathima, fani n'kuima, ndipo m'pamene ndinaganiza kuti mwina fani yomweyo yakhala ikumuumitsa, popeza imapemerera pakona pomwepo. Ndinakumbukira ma fern amene ndinaona pa Phiri la Zomba pafupi ndi Williams Falls, ali pamthunzi wa mitengo, nthunzi ya mathithi ikuwawaza tsiku lonse. Chomera chotere n'kuchiika pamphepo youma ya mwezi uno, fumbi lili koboo, ndinkachilakwira. Ena amati uzingowaza masamba ndi madzi, koma ine ndayesa, mphindi 10 zisanathe aumanso. Ndasankha kuika mphika uliwonse pa mbale yodzaza timiyala ndi madzi, koma tako la mphika lisakhudze madziwo kuopa kuwoletsa mizu.

Mphika umodzi ndauika kubafa, pafupi ndi zenera la galasi losaonekera, kumene kumawala koma dzuwa silimenya. Wachiwiri wabwerera pabalaza, kutali ndi fani. Wachitatu ndinapita nawo madzulo kwa agogo oyandikana nawo nyumba, amene akhala akuusirira kuyambira kale. Anaulandira ndi manja awiri.

"Mwanawe, ndizithirira kangati?"

"Agogo, muzipisa chala m'dothi m'mawa uliwonse. Pamwamba pakayamba kuuma, thirani mpaka madzi atulukire pansi."

Panopa ndi 9 koloko usiku, magetsi abwera. Ndangochoka kubafa ndi tochi, ndipo pakati pa chitsa ndapeza mphukira ziwiri zobiriwira, zopindika nsonga ngati bongololo wodzikulunga. Mawa ndidzaona ngati zayamba kutambasuka.